Chaka Chimene Migwalangwa Inawola

Chipanda cha amalume ndimachikumbukira mpaka lero: chakuda ndi utsi, khosi lomangidwa ndi luzi, chonunkhira uchema ngakhale chili chouma. Ankachipachika pamwamba pa migwalangwa ya m'dambo lathu ku Vubwi, atacheka nsonga ndi mpeni kuti madzi ake adonthere m'menemo. Amayi ankaluka mikeka ndi masamba a mitengo yomweyo, ife ana n'kumakukuta zipatso zake mpaka nsagwada kuwawa.

Dzinja lina mvula inagwa ngati yatumidwa. Ndi nthawi yomwe atate anabwerera kuchokera ku nkhondo ya azungu, kumene ankasenza katundu wa asilikali. Anafika ali mafupa okhaokha. Iwo kwawo kunali cha ku Sinda. Pathu anali mkamwini chabe, munthu woyankhula motsitsa mawu pamudzi pa eni ake.

Posakhalitsa migwalangwa inayamba kudwala. Masamba apakati ankachita chikasu, kenako bii, ndipo ukakoka ndi dzanja limodzi ankangozuka, kunsi kwake kuli phalaphala, fungo ngati la mazira ovunda. Zipatso zinkagwa zisanakhwime, zitamera chuku choyera. Uchema unasanduka thovu lonunkha, ndipo amayi anasowa choluka.

Amalume sanavutike kufunafuna. Munthu wodutsa pa mitembo, iwo anati, amayenera kusamba mankhwala asanakhudze kanthu pamudzi, ndipo atate sanasambe. Aphunzitsi a ku tchalitchi anali atawauza atatewo kuti Mkhristu sasamba zimenezo.

"Alamu, sambani basi, nkhani ithe," amatero amalume.

"Ndinalonjeza kale kwina," atate amayankha, maso ali pansi.

Ndakalamba tsopano, ndipo alangizi a zaulimi anandifotokozera kuti kuwola kotere ndi chuku cholowa pabala la mtengo kukachuluka chinyontho. Ndikaganiza mpeni wa amalume, wochoka pa mtengo wodwala kupita pa wamoyo osaupukuta n'komwe, mtima umandiwawa. Koma amalume sanali munthu woipa. Anali ndi mantha, ndiponso ankaukonda uchema wawo kuposa mlamu wawo.

Abale atakumana anagamula kuti atate achoke. Amayi analira, koma sakanatsutsa mlongo wawo. Atate ananyamula khasu ndi bulangeti la kunkhondo, nandisisita m'mutu, n'kulowera njira ya kumadzulo.

Mitengo inapitirizabe kufa, ndipo ine ndinkakondwera. Ndinkati tsopano onse aona kuti sanali atate. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kudambo, ndikapeza nsonga ina yagwa n'kubwerera ndikufuula, "Amalume, mtengo wina wawolanso! Kawaitaneni atate!"

Amalume ankangoyang'ana amayi n'kupukusa mutu: "Waona zimene anatisiyira?"

Ine ndinkaima pamenepo ndikumwetulira, kudikira kuti wina anyamuke ulendo wa ku Sinda. Sindinkadziwa kuti mtengo uliwonse umene ndinkabwera kudzanena unkangowonjezera mlandu wa atate, ndi kuti sindidzawaonanso.