Tsiku limene ndinawakaniza amalume kamera

Ndinali ndi zaka ngati khumi pamene amalume anga, a Jailosi, anandikwapula ndi nthambi ya pichesi pakhomo pathu ku Mlangeni, anthu akuonerera. Mlandu wanga unali wokana kuwapatsa kamera ya ababa. Zinali zaka zija za chitaganya, azungu akadalamulira, njala yaikulu ija isanachoke pakamwa pa anthu. Lero mutu wanga uli mbuu ndi imvi, koma kumudzi alipo amene amanditchulabe mwana wamwano amene anapasula mudzi. Iwo anena zawo kokwanira, tsopano ndinene zanga.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa Livulezi, ndipo atakwatira amayi anadzakhala pamudzi pa akuchikazi monga mwa mwambo. Anzawo pochokera ku Halale ankabwera ndi njinga, makina osokera, ena galamafoni. Iwo anabwera ndi kabokosi kakuda ka diso limodzi, ndi timabotolo ta mankhwala a fungo lowawasa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma osekawo ndi omwe ankabwera atadzola mafuta kudzajambulitsa: akwati, anyamata opita ku Joni, amayi ofuna kutumizira amuna awo nkhope za ana.

Pa ntchito yawoyo ababa analibe kapitawo, analibe belu, choncho anadziikira okha malamulo, ndipo ankawasunga kuposa mmene aphunzitsi a mishoni ankasungira Sabata. M'mawa munali mwa kamera. Dzuwa likangosuzumira, chithunzithunzi cha munthu chikadali chachitali, iwo anali atatuluka kale. Ankati kuwala kwa m'mawa kumakomera nkhope yakuda, pamene kwa masana kumakumba maenje m'maso. Chithunzithunzi chikalowa kunsi kwa mapazi, ankapachika kamera, n'kutenga khasu, n'kumapita kumunda nthawi imene anzawo akuweruka. Ankalima dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka. Pobwerako ankalowa m'kanyumba kopanda zenera, kamene anamata ming'alu yake yonse ndi dothi, n'kumatsuka zithunzi.

Lamulo limene linawaputira mavuto linali lina. Filimu inkachokera ku Limbe kudzera kwa mmwenye wa sitolo pa Boma, ndipo nthawi zina inkatha. Ikatha, ababa sankagona ayi. Ankanyamulabe kamera yopanda kanthu, n'kumayenda nayo m'mbali mwa msewu, kulozetsa ng'ombe zikutuluka m'khola, amayi akuchokera kudambo ndi mitsuko, n'kudina ngati akujambuladi. Nditawafunsa chifukwa chake anandiuza kuti diso la wojambula lili ngati khasu, ukalisiya pakona limachita dzimbiri, ndipo tsiku lobwera filimu umaononga ya eni ake pophunziranso kuona. Ine ndinamva. Mudzi sunafune kumva. Inafala mbiri yakuti mkamwini wa kwa Naphiri, amayi anga, amayenda ndi bokosi la mphepo, moti anyamata oweta ng'ombe akawaona ankaima njo, manja m'chiuno, n'kumapempha kuti awajambule ndi mphepoyo.

Amalume sindingawanene kuti anali munthu woipa. Anali mwini mbumba, ndipo pa njala ija anaika ana awo m'manda ndi manja awo. Kwa iwo mkamwini weniweni ankayenera kukhala m'munda mame asanaume, ndiponso aoneke ali m'mundamo. Zakuti munda wathu unali wopalira bwino ngati wa wina aliyense sankaziwerengera. Ntchito imene akuchikazi sanaione ndi maso awo inali yosagwiridwa. Anayamba kulankhula pa mowa kuti tsiku lina adzatsegula bokosilo pamaso pa anthu, onse adzaone kuti mulibe kanthu, ndipo mkamwiniyo adzamange katundu.

Inali nthawi yopalira pamene kunabwera mayi wina wa ku Bwanje, atakwera mtunda wonsewo wapansi, khanda lili kumbuyo. Mwanayo anabadwa bambo ake atapita kale ku migodi, ndipo bamboyo ankafuna kuona nkhope yake. Tsoka ilo, nkhungu inagona pa Mlangeni osasuntha. Mayiyo anachonderera kuti angomujambula choncho, koma ababa anakana, amvekere chithunzi cha mu nkhungu bambo wa mwana adzangoona chipukutu cha nsalu. Anakhala nafe masiku angapo akudya nafe, mtima uli kumunda kwake. M'mawa umene kunayera, ababa anamukhazika pafupi ndi nkhokwe, anadikira mpaka khanda litatsegula maso, n'kudina. Mayiyo sanadikire n'chakudya chomwe, anatsetsereka ulendo wa kwawo. Ababa anapachika kamera pa msomali, anandiuza monga mwa masiku onse kuti wina asaitsegule powala, n'kunyamula khasu. Amayi anali kumtsinje kochapa.

Dzuwa lili pamutu amalume anatulukira ndi akuluakulu awiri a pamudzi. Ndinagwada n'kuwauza kuti ababa ali kumunda. Anaseka, anati kumunda kwa masana n'kwa anyani, ndipo anandituma kuti ndikatenge bokosi. Ndinakatenga, poti mwana sakana kutumidwa. Koma ndikutuluka nalo ndinawamva akuuza anzawo aja kuti ayandikire, aone okha mphepo imene mlamu wawo amadyetsa mbumba yawo. Pamenepo ndinakhala pansi, kamera ndaifungatira pamimba.

"Amalume, lero m'bokosimu muli chithunzi cha mwana wa mayi a ku Bwanje aja. Mukatsegula chipsa."

"Bodza limenelo akuphunzitsa ndi abambo ako. Bweretsa kuno."

"Iyayi, amalume."

Wobadwa masiku ano sangadziwe kulemera kwa mawu amenewo. Nthawi imeneyo bambo ako ukanatha kuwazemba, koma malume ndiye anali mwini wako. Akuluakulu aja anayang'anana ngati amva mbuzi ikulankhula. Amalume anathyola nthambi ya pichesi, n'kupulula masamba pang'onopang'ono kuti mwina ndisintha maganizo. Ine ndinagona chafufumimba pa kamerayo. Sindinama, ndinalira mpaka mamina, ndinaitana amayi, ndinaitana ndi agogo amene anamwalira kale. Mkwapulo wa pichesi umaluma ngati mavu. Koma manja sindinamasule, ndipo kukoka kamera kunsi kwa mwana wamkazi pamaso pa anthu kunawachititsa manyazi.

Amayi anafika akuthamanga, zochapa atazitaya panjira. Pambuyo pawo panafika ababa, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo, thukuta lili kamukamu. Akuluakulu aja ataona matopewo anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Ababa sanakweze mawu. Anandidzutsa, anandisansa fumbi, n'kutenga kamera yawo. Amalume, poona kuti agonja kwa kamwana, mkwiyo wonse anautsanulira pa iwo.

"Alamu, mkamwini asamakule mwendo. Mawa ndikuoneni kumunda mame asanaume. Mukatenga bokosilo, mupitirire nalo kwanu."

Madzulo ake ababa anatsuka filimu ija, ndipo nkhope ya khandalo inatuluka bwinobwino, timaso tili gwa. Inali filimu yawo yomaliza. M'mawa mwake mudzi wonse unachedwa kupita kumunda. Amayi a nyumba zoyandikana ankasesa malo osesa kale, amalume atakhala pa chitsa moyang'ana khomo lathu. Khasu linali litatsamira khoma, kamera ili pa msomali, ndipo ine ndinkadziwa kuti mulibe kanthu. Mtima wanga unagawika. Ndinkaopa kukhala wopanda bambo, komanso ndinkadziwa kuti akatenga khasu ndiye kuti mikwingwirima ya kumsana kwanga yapita pachabe. Ababa anatuluka, anayang'ana kumwamba monga ankachitira masiku onse, n'kubwerera m'nyumba. Potulukanso anali ndi kamera pakhosi. Anawapatsa moni amalume mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, n'kulowera kumsewu.

Aliyense ankadziwa mmene zotere zimathera: mkamwini amanyamula mkeka wake, mkazi ndi ana amatsala, pakapita nthawi pamabwera mkamwini wina. Amayi anali munthu wofatsa, wosayankha pagulu. Tsiku limenelo anapita pamene panali mlongo wawo, anagwada, nalankhula mudzi wonse ukumva.

"Achimwene, mwathamangitsa alamu anu, ndamva. Koma mwana amene mwam'kwapula chifukwa chosunga mawu a bambo ake simudzam'kwapulanso. Tonse tikupita."

Tinakakhala pafupi ndi Boma, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo. Ababa ankapachika pakhonde nsalu yokhala kumbuyo kwa wojambulidwa n'kumajambula odutsa, malamulo awo ali omwe aja. Sindikometsa nkhani: tinavutika. Amayi anasiya munda ndi dimba la makolo awo n'kumagula chimanga pamsika ngati alendo, ndipo atamwalira anaikidwa komweko, kutali ndi manda a amayi awo. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero.

Ine ndakalambira pakhonde ndi makina osokera. Ndimadula nsalu m'mawa maso akadali akuthwa, ndipo tsiku lopanda kasitomala ndimasoka zigamba kuti dzanja lisaiwale. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zimene ababa ankateteza. Munthu wodzilemba yekha ntchito, abale amayesa kuti nthawi yake ilibe mwini, aliyense angabudule pamene wafuna. Ukalola kamodzi kuti akusankhire ola logwirira ntchito yako, mawa adzakusankhira ndi ntchito yomwe. Mantha a amalume ndimawamvetsanso, poti anaiona njala ndi maso. Koma mantha awo sanali chifukwa choti atsegulire bokosi la eni.

Amalume atadwala matenda awo omaliza, akumudzi ananditumira uthenga kuti ndipite ndikapepese, apite ndi mtima woyera. Ndinapita. Ndinagwada pamphasa pawo, ndinawasambitsa m'manja, ndinawamwetsa phala ndi supuni, ndipo ndinalira nawo, chifukwa anali amalume anga. Azakhali ena anandikodola kuti nena tsopano. Pepani wa kamera ija sanatuluke m'kamwa mwanga tsiku limenelo, ndipo amene akumudikirabe kumudziko atenge mpando akhale.