Mabowo Atatu Kumbuyo kwa TV

Linali Lachisanu, 11 koloko m'mawa, pamene ndinalowa m'sitolo ina ku Old Town, Chisomo wanga ali kumsana. Bambo ake anandituma kukagula puleya ya madisiki, ija yoonetsa zithunzi zowala bwino, yoti tilumikize ku TV imene anatipatsa abwana awo a ku Area 43.

Mwini sitolo, bambo wachikulire, anandifunsa mofatsa: "Mayi, kumbuyo kwa TV yanu kuli bowo la HDMI?"

Ine kumbuyoko ndimangopukutako fumbi. Koma pamzere panali anthu otchena, ndiye ndinati, "Eya, lilipo." Bambowo anam'patsa Chisomo switi.

Madzulo tinatembenuza TV ija n'kupeza mabowo atatu ozungulira: lofiira, loyera ndi lachikasu. Bambo a Chisomo anayesa kulowetsa chingwe cha puleyayo paliponse, ngakhale polowa eriyo, mpaka thukuta kamukamu.

"Amake Chisomo, kodi sanakufunseni za TV yathu?"

"Ayi, anangonditengera imeneyi," ndinatero, maso ali pansi.

Anaimba nambala ya palisiti n'kuwakalipira bambo aja kuti ndi akuba. Ine ndinathawira panja kukachapa thewera lochapa kale.

M'mawa mwake ndinakulunga puleyayo m'chitenje n'kubwerera nayo. M'minibasi njira yonse ndinkayeserera kunena "pepani". Bambo aja anangondiyang'ana, nandisinthira ya zingwe zitatu, nam'patsanso Chisomo switi. Ndinalandira katunduyo ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo. Pepani uja ndinabwerera naye kunyumba.