Bulangete la Yamikani

Ndinadzuka kusanache, ngati kusinza pampando ndi kugona. Amayi a mpingo anali atasiya kuimba, ena atagona pansi atafunda majekete. Bokosi la mlongo wanga Yamikani linali pakati pawo, losatseka. Kuno kunja, ku Clondalkin, maliro sasonkhera moto panja, aneba angakuitanireni apolisi, ndiye azibambo anachezera kukhitchini atazungulira ketulo.

Ndinakwera kuchipinda kwake kukatenga bulangete. Amayi athu analitumiza kuchokera ku Ntcheu kudzera mwa bambo mfumu wina amene amabwerera kuno. Linali lofiirira, lomwe lija anapita nalo ku sekondale. Pafoni anandiuza kawiri: "Mwana wanga amaopa kuzizira. Ukamufunditse wekha asanatseke bokosi." Nditaligwira linali lozizira ngati lanyowa, choncho ndinalipinda pawiri n'kuliika pa rediyeta, chitsulo chotenthetsa m'chipinda, kuti liyambe lafunda. Sindikanamufunditsa chozizira.

Zoti ankaopa kuzizira n'zoona, koma kuzizira n'kumenenso kunali ntchito yake. Zaka zonse za payunivesite ankawerengera kutentha ndi kuzizira kwa kachombo kamene kakukatera pachimwala china choyandama mumlengalenga. Ankati chimwalacho chimazungulira msanga: dzuwa likawomba chitsulo chimapsa, likalowa batire imauma n'kufa. Iye ankauza anzake nthawi yodzutsa kachomboko, yokagoneka, ndi yoyatsa tima hita take. Ndinkamuseka kuti walera mwana wachitsulo m'malo mokwatira. Anatsokomola milungu itatu akupitabe kuntchito, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa ophunzira onsewo anamuuza kuti kagone. Chibayo chinamutenga Lachiwiri.

Kutacha kunagwa kamvula kopyapyala kaja kosatha. Anthu anayamba kufika, a ku Mulhuddart pabasi, ena kuchokera kushifiti atavala yunifomu mkati mwa jekete. Nkhuku zogula pa Moore Street zinali kuwira kukhitchini, mawindo onse atachita nthunzi. Ana obadwira kuno anakhala pamasitepe ndi mafoni awo, akafunsidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi. Azakhali ena amene sanamuyenderepo akudwala ndi amene analira mokweza kuposa tonse.

Cha m'ma naini anafika a kuyunivesite, atatu, ndi maluwa. Mkulu wawo, mayi wamtali waimvi, anaima pabokosi nthawi yaitali, ndipo misozi yake inali yeniyeni, sindinganame. Kenako anandikokera pakhonde. Anapepesa kanayi asananene chimene anabwerera. Mawerengedwe omaliza a Yamikani anali mulaputopu yake, sanawatumize. Malo oterapo kachombo kaja anali atasinthidwa n'kukhala mbali ya mthunzi wambiri, ndipo anzawo a kunja ankafuna yankho sabata yomweyo. Popanda mawerengedwewo kachomboko kakhoza kugona osadzukanso.

Ndinamuuza kuti kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mwini wake asanalowe m'manda. Anati akumvetsa, n'kupitiriza kufotokoza. Ndinamufunsa ngati anadziwa kuti mlongo wanga ankagwira ntchito yawoyo thupi likutentha ngati mbaula. Anaweramitsa mutu. Ineyo osaleka, ndinamukhuthulira zonse zimene ndinasunga sabata yathunthu, mvula ikutinyowetsa tonse awiri. Sindikudziwa kuti tinaima mphindi zingati.

Nditalowa ndinapeza bokosi atatseka kale. Kuno teni koloko ndi teni koloko. Anyamata a kampani yoika maliro anali atamanga zomangira zawo, amuna asanu ndi mmodzi atalinyamula paphewa, nyimbo itayamba. Wina anandigwira mkono, wina anandiveka mpango, ndipo ndinangopezeka ndili m'galimoto. Za bulangete sizinandibwerere n'komwe. Mutu wanga unali udakali pakhonde paja, ukukangana.

Misa inali yaifupi. Kumanda mphepo inkatembenuza maambulera. Msuweni wathu anaimika foni m'mwamba kuti amayi aone ali ku Ntcheu, koma chithunzi chinkangoduka. Tinaponya dothi pang'onopang'ono, dongo lomata m'manja, kenako anavundikira dzenje ndi thabwa la udzu wapulasitiki n'kutiuza kuti makina adzakwirira tikachoka. Azibambo athu anangoima manja ali m'matumba, opanda khasu loti agwire.

Pachipata ndinauza msuweni uja kuti akapereke laputopu kwa mayi waimvi. Sindinachite chifukwa chokhululuka. Zaka zonse zija za Yamikani zinali mmenemo, ndipo sindinafune kuti nazonso ziume. Mayiyo anabwera kudzandigwira manja onse awiri, nati kachomboko kapulumuka chifukwa cha Yamikani.

Madzulo anthu anabalalika msanga, mawa kuntchito. Amayi a mpingo anatsuka mapoto, n'kubweza mipando kwa aneba. Nyumba inangoti zii. Ndinakwera kukatseka zenera la kuchipinda kwake, ndipo ndinaliona lili pa rediyeta pomwe ndinalisiya, lopindidwa pawiri. Ndinakhala pabedi.

Foni inalira ndili pomwepo. Amayi sanafunse za misa kapena za anthu. Anati, "Unamufunditsa, mwana wanga?"

"Eya, amayi. Ndinamufunditsa."

"Wachita bwino. Agone tsopano."

Atadula ndinalichotsa pa rediyeta paja n'kuliika pamiyendo. Linali lofunda bwinobwino.