Zipatso za Kuseri kwa a Telala

Mumsewu monsemo ankangowatchula kuti a Telala, ngakhale ana amene anabadwa makina awo atayamba kale kutsokomola. Ankasokera pakhonde la nyumba yawo, pakati pa golosale ndi shopu yokonzera njinga. Kale pakhondepo sipankasowa phazi: madiresi a ukwati, mayunifolomu a sukulu, mathalauza a anyamata ofuna kutchena. Kenako kunabwera zovala za m'mabelo, ndipo a Telala anasanduka munthu wosintha mazipi ndi kuika zigamba.

Akazi awo anamwalira, ana awo awiri anapita kutali kukagwira ntchito. Foni ankaimba ndithu, koma foni yake ija yakuti munthu akufunsa kuti mwadzuka bwanji, mwendo uli kale panjira. Dzuwa linkatha kulowa a Telala asanatsegule pakamwa, kupatula ponyowetsa ulusi kuti ulowe m'singano. Ankasungulumwa kwambiri, ndipo panalibe woti amuuze.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo umene anabzala malemu akazi awo. Zipatso zake zinali zobiriwira, zaminga yofewa, mkati moyera ndi mowawasirako. Zinkangogwa n'kuwolera pansi, othokoza ali mileme ndi ntchentche.

Ndiye tsiku lina pa wailesi ananena kuti akatswiri ena athira madzi a chipatso chotere pa maselo a khansa m'kambale ka mu labotale, ndipo maselo ena afa. Wowulutsayo anawonjezera kuti pa munthu sizinayesedwe, kafukufuku akadali kutali. Koma khutu la munthu wovutika limatola zimene likufuna, zotsalazo limasiyira mphepo.

Pakhonde panayambanso kudzaza. Ena ankadwala okha, ena anali ndi wodwala kunyumba, ena ankangoopa. A Telala ankapereka zipatsozo ulere. Anameta ndevu, anabwereka benchi kwa wokonza njinga uja, anayamba kusita malaya m'mawa uliwonse ngati mkwati. Sikuti anali opusa, ayi. Ankaona ndithu kuti anthuwo akupereka moni maso ali kuseri kwa nyumba.

Mmodzi yekha ndi amene ankakhala pansi. Anali mayi wa pa saluni ya kumsika, wa msinkhu wa mwana wawo wamkazi, wolongolola ngati wailesi yatsopano. Tsiku loyamba lomwe anawayang'ana kumutu.

"Bambo, amakumetani ndani? Ndiuzeni ndikamumangitse."

"Ndimadzimeta ndekha, mayi."

"Basitu, ndikumangitsani inuyo."

A Telala anaseka mpaka misozi, n'kudabwa kuti chiseko chawo chikadalipo. Kuyambira pamenepo mayiyo ankabwera madzulo akatseka saluni. Ankamwa tiyi, n'kumasimba za makasitomala obwera ndi chithunzi cha munthu wa m'filimu, tsitsi lawo lili lokwana chikhatho chimodzi. A Telala ankamusungira zipatso zokhwima bwino, atazikulunga m'tizidutswa ta nsalu zikadali mumtengo kuti mileme isazilawe.

Madzulo ena mayiyo anaika kapu pansi, nthabwala zitamuthera.

"Bambo, zipatsozi si za azakhali anga monga ndinakuuzirani. Ndi zanga. Anandipeza ndi chotupa m'bere. Kuchipatala anandipatsa tsiku loyamba mankhwala a m'dripi, koma sindinapite."

"Chifukwa chiyani, mwanangu?"

"Mankhwala aja amathothola tsitsi. Ndani angalukitse kwa munthu wa mpala? Ndiyambe ndalimbikira zipatsozi. Ngakhale mng'ono wanga sakudziwa, ndauza inu nokha."

A Telala anayang'ana singano. Iwo ankadziwa chinthu chimene mumsewumo panalibe anafunsapo. Akazi awo ankadya zipatsozo chaka ndi chaka kuchokera pamene mtengowo unayamba kubereka, pongozikonda, ndipo khansa yomweyo ndi imene inawatenga. Ankadziwanso kuti akangonena, pakhonde patsala iwo ndi makina.

Sananene tsiku limenelo. Mawa lakenso sananene, anangothira tiyi n'kusankha chipatso chachikulu. Zoona zake n'zakuti benchi yopanda munthu ankaiopa zedi, ndipo manthawo ankawachititsa manyazi. Ulusi unkaduka pafupipafupi, zigamba zinkapendama. Mayiyo akamakweza kapu, iwo ankaona kuti akuteteza mkono wa kumanzere, monga ankachitira akazi awo.

Potsiriza analankhula mayiyo asanakhale n'komwe pansi.

"Mwanangu, mayi a kuno anadya zipatsozi kuposa munthu aliyense. Anamwalira ndi khansa ya m'bere. Mwina tsiku lina akatswiriwo adzapezamo mankhwala enieni, sindikukana. Koma inu simungadikire tsiku limenelo. Pitani kuchipatala."

Mayiyo anaima chilili, chikwama chili m'manja.

"Ndiye masiku onsewa mumandipatsiranji?"

"Poyamba sindinkadziwa kuti mwasiya chipatala."

"Nanga nditakuuzani?"

"Mumakhala pansi, mwanangu. Enawo sakhala."

"Moti ine ndizifa kuti inu mupeze womwa naye tiyi?"

Mayiyo anatsika pakhonde osatsanzika, ndipo sanabwerenso. Anali ndi pakamwa, mawa lake nkhani inafika kumsika dzuwa lisanalowe, ndipo mlendo ndi mame: anthu onse aja anakamuka. A Telala anabweza benchi kwa mwini wake. Zipatso zinayambanso kugwa zokha, ndevu nazo zinabwerera pamalo pake. Chowawa kwambiri chinali chakuti sankadziwa ngati mayiyo anapita kuchipatala kapena anangosamukira ku mtengo wina. Kumsika sankalimba mtima kukafunsa.

Mvula itayamba, pakhonde panafika mtsikana wachilendo ndi jumbo ya zovala. Nkhope inamuulula asanalankhule: anali mng'ono wa mayi wa pa saluni uja.

"Achemwali akuti muwachepetsere madiresiwa, onse akuwakulira."

"Ali bwanji?"

"Anayamba mankhwala. Akusanza, aonda, tsitsi lonse linatha. Koma adokotala akuti sanachedwe kwenikweni."

A Telala analandira jumbo ija.

"Ananenapo kanthu za ine?"

Mtsikanayo anayang'ana kumsewu. "Anati ndisakhalitse."

Anatulutsa diresi loyamba, n'kulitembenuza kunja mkati. Pochepetsa chovala, telala amasoka msoko watsopano n'kudula nsalu yotsalayo kuti mkati mukhale mosalala. Madiresi a akazi awo anawadula choncho kangapo, mpaka panalibenso chodula. Anatenga sizasi, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'dirowa. Nsalu yotsalayo anaipinda mkati mosamala, n'kuigwiritsa ndi ulusi wosavuta kusomola.

Mtsikanayo anasisita msokowo ndi chala.

"Koma agogo, apa patukukatu. Bwanji osangodula?"

"Akadzanenepa adzaifuna nsaluyi," anatero a Telala, maso ali pa singano. "Mukawauze kuti sindinadule. Adzabwere nawo okha ndidzamasule."