Singano ya Amayi

Singano ya amayi inkakhala yobayidwa pakansalu kofiira, kopanidwa m'buku lawo la nyimbo. Chaka chimene ndinayamba sukulu maso awo anachita ng'ala, ndipo ntchito yolowetsa ulusi inakhala yanga. Ndinkanyada nayo kwabasi. Zoti amayi akuchita khungu sizinkandilowa m'mutu, ndipo lero ndikaganiza ndimachita manyazi.

Titakolola chimanga, kunafika munthu wina panjinga ndi bokosi la timabotolo, ati dokotala wa maso. Anatulutsa chipepala cha chidindo chachikulu. Amalume, amene chilichonse cha chidindo ankachivulira chipewa, anafuna kuti amayi awadonthezere mankhwala pompo. Amayi anati pepalalo ayambe aliona aphunzitsi. Aphunzitsi atawerenga anaseka mpaka kutsokomola: chinali chilolezo chogulitsira nsomba zouma pamsika ku Katete.

Kenako tinamva za dokotala wa kuchipatala cha mishoni, wochotsa ng'ala ndi mpeni. Aphunzitsi anatsimikiza kuti ameneyo mapepala ake ndi enieni, koma amayi anapukusa mutu.

"Pepala latipusitsa kale. Ine ndikufuna maso amene iyeyo anawagwirapo."

Ku Sinda kunali mayi wina wachikulire amene dokotalayo anamuchotsa ng'ala. Amayi anandipatsa singano ija ndi ulusi wakuda, n'kundituma kumeneko pamodzi ndi amalume. Ndikukumbukira fumbi lolowa m'mano ndi chitsulo cha njinga chotentha kumatako. Mayiwo tinawapeza akusola mtedza, atavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Ananyambita ulusi, kulowetsa kamodzi kokha, n'kufunsa ngati tabweretsa ntchito ina. Njira yonse yobwerera ndinafumbata singanoyo kuti ulusi usasololoke. Amayi anaupapasa ndi zala, nati, "Achimwene, popani njinga."

Anabwerako kuchipatala kuja patatha masabata atatu, nawonso ndi magalasi awo. Tsiku lomwelo analowetsa ulusi okha ine ndikuona. Anthu analulutira, koma ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira, munthu wochotsedwa ntchito.

M'mawa mwake anandiitana. "Iwe, masowa akuvutabe. Tandilowetsera."

Ndinawalowetsera mpaka ndinakula, ndipo anzanga ndinkawauza kuti dokotala uja ntchito anaisiyira panjira. Sindinadzifunsepo kuti munthu wolephera kuona bowo la singano ankaona bwanji, ali tsidya lina la bwalo, kuti kukhosi sindinasambe.