Nthaka Imene Ikutsikabe ku Joni

Mwana wanga wamkazi atabwera kutchuthi kwathu ku Champiti, anabwera ndi laputopu. Ankaphunzira zojambula mapu, ndipo chaka chimenecho ankawaphunzitsa za masetilaiti amene amaponya mafunde pansi n'kumvetsera mmene akubwererera. Anatifotokozera tili pakhonde, tikutonola chimanga, kuti setilaiti ikadutsa kawiri pamalo amodzi, kusiyana kwa mafundewo kumaonetsa ngati nthaka yatsika, ngakhale itatsika pang'ono ngati chikhadabo. Mitambo siitchinga mafundewo.

Bambo anga ankangomvetsera. Anali atakalamba, ndipo chifuwa chimene anachitenga kumigodi ya ku Joni chinali chitawafooketsa. Kumeneko anapita ndi mng'ono wawo onse akadali anyamata, koma anabwerako okha. Mgodi unagumuka bambo aang'onowo ali pansi, ndipo mtembo sunatulutsidwe. Pakhomo pathu nkhaniyi sinkakambidwa.

Mtsikanayo atanena kuti m'kalasi anawaonetsa migodi yakale ya ku Joni, bambo anasiya kutonola. Anatchula dzina la mgodi wina, limene ine ndinali ndisanalimvepo, n'kumupempha kuti awapezere. Netiweki inkavuta, choncho tinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, ine nditawagwira mkono.

Ataupeza mgodiwo, palaputopupo panaoneka mizere yozungulira, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, ngati mafuta a galimoto atatayikira m'chithaphwi. Anawauza kuti pakati pa mizereyo nthaka ikutsika chaka ndi chaka, chifukwa njira zimene anakumba pansipo zikugumukabe.

Bambo anafunsa ngati makinawo amaona anthu amene anatsala pansi.

"Ayi agogo, amangoona pamwamba."

Bambo anayang'anitsitsa chithunzicho, kenako anaika chala pakatikati pa mizereyo.

"Ndiye kuti ikumupsinjabe," anatero.

Mwana wanga anayamba kulira, nafuna kutseka laputopuyo, koma bambo anamugwira dzanja. Anakhala pansi pachulu pomwepo n'kutiuza za mng'ono wawo: kuti anali wamanzere, ankaopa agalu, ndipo ku Joniko sankafuna n'komwe kupitako, anangotsatira achimwene ake. Anakamba mpaka chifuwa chinawaletsa.

M'mawa mwake anatuma mdzukulu wawoyo ku Boma kuti akasindikize chithunzicho papepala. Bambo ankayenda nacho m'thumba la jekete, ngakhale popita kutchalitchi, koma sankaonetsa munthu.

Anamwalira mvula ya chaka chotsatira itangoyamba. Powaveka jeketelo tinachipeza chitang'ambika mopindamo. Tinachibwezera m'thumbamo.