Mitsuko Yokwirira ya Aneba Athu

Aneba athu kuno kudera la Unit L, bambo okalamba ochokera ku Malawi, amagula mitsuko ya maluwa pa kaunjika n'kuikalambitsa kuti akaigulitse ngati yamakedzana. Amaikwecha ndi mchenga, kuipaka phulusa ndi masamba a tiyi, kenako amaikwirira kuseri kwa nyumba kuti idye dothi. "Azungu a ku Joni safuna chonyezimira," amatero.

Mwezi watha, chisankho chili pafupi, anyamata a chipani anabwera ndi zibonga. Anamva kuti bambowa amakwirira masikipa a otsutsa. Ndinkasuzumira pampanda.

"Mudhara, fukulani tione!" mmodzi wa iwo anakalipira mkuluyo.

Bambowo anafukula ndi manja. Mtsuko wakuda utatuluka, mnyamata wina anabwerera m'mbuyo.

"Mankhwala a ku Malawi awa! Tiyeni!"

Bambowo sanatsutse, ndipo sanamenyedwe. Koma kuyambira tsikulo ngakhale amayi anga sawapatsanso moni.